Chikole Chokhala ndi Chivundikiro

Kwawo kwa Hanifa ku Namwera mwamuna saumba mbiya. Akatumidwa amakakumba dongo kudambo, n'kudzalitula pakhonde, n'kusamba m'manja. Zotsalazo ndi za amayi. Ndiye zitamveka pakati pa Amalawi a ku Phoenix, kufupi ndi Durban, kuti Hanifa, namwali wofatsa uja wogulitsa nsalu m'tauni ya Durban, wakopeka ndi mnyamata woumba miphika, anthu adaseka mpaka nthiti kuwawa. Amene sadaseke ndi azakhali ake, a Safina, omwe adamuitanitsa kuchokera kumudzi ndipo ankakhala naye m'kanyumba kalendi kuseri kwa nyumba ya mwenye wina.

Mnyamatayo adali Maulidi wa ku Ntaja. Ankagwira ntchito kwa Mayi Gomez, mayi wokalamba wochokera ku America, yemwe adabwera kudzaona nyumba zakale za ku Durban, zija zokhala ndi mizere ndi masitepe kumaso kwake, n'kuzikonda mpaka kuiwala njira ya kwawo. Mayiyo ankaumba mitsuko ndi mbale zokongoletsera m'nyumba potsata kapangidwe kakale ka kwawo kotchedwa art deco. Manja ake atayamba kunjenjemera, ntchito yambiri idatsalira Maulidi.

Awiriwa adakumana tsiku la mvula, atabisala pakhonde la imodzi mwa nyumba zimenezo. Aliyense ankayesa mnzake ndi Mzulu, poti m'tauni muno anthu akwathu akamatuluka m'nyumba Chichewa amachipinda n'kuchiika m'thumba. Maulidi ankajambula mizere ya pakhoma papepala, ndipo madzi a padenga atamudonthera adangoti, "Mayo ine, ntchito yanga!" Hanifa adalephera kudzigwira, adaseka. Chikondi chidayambira pa kuseka kumeneko.

Tsopano nkhani idali itafika pena. Lamlungu la sabata yotsatira nkhoswe ya Maulidi inkayenera kudzaonekera kwa malume ake a Hanifa, a Jabir a ku Mobeni, ku Durban komweko. Koma aliyense ankadziwa kuti a Jabir ndi munthu wongogwedeza mutu. Mawu enieni opita kwa makolo ku Namwera ankachokera kwa a Safina, ndipo iwo akakana, zatha.

* * *

Loweruka masana ataweruka, Hanifa adapita kumene Maulidi ankaumbira. Adalowa atapinda manja pachifuwa kuopa kugwetsa zinthu za eni. Pamashelefu padali mbale zakuda zojambulidwa anthu oimba malipenga, mitsuko yokhala ndi agwape akudumpha, ndi ina ya akazi ovina atavala nsalu zoperewera.

"Izi ndiye kwa azakhali sizingalowe," adatero Hanifa. "Angandiuze kuti ndathamangitsa angelo m'nyumba."

"Ndikudziwa," adayankha Maulidi akupukuta manja. "N'chifukwa chake pa chako ndachotsapo chilichonse chopuma. Palibe gwape, palibe mbalame, ngakhale nyerere."

"Pa changa chiti?"

Maulidi adavundukula nsalu imene idali pakona pa tebulo. Udali mtsuko wotalika ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, wochepa pansi, wotambalala m'mapewa. Udali wakuda bii, ndipo m'kudamo mudatuluka mizere yobiriwira ngati dzira la bakha: dzuwa likutuluka ndi cheza chake, pansi pake masitepe okwera mbali zonse ziwiri. Pamwamba padali chivundikiro chokhala bwino ngati chidamera pomwepo.

"Masitepewa ukuwadziwa?"

Hanifa adayang'anitsitsa, kenako adagwira pakamwa. "Ndi a pakhoma paja tinabisala mvula!"

"Dzuwalo ndi lija linatuluka utaseka."

"Bodza, a Maulidi. Tsiku lija dzuwa silinatuluke. Ndinafika kunyumba nditanyowa ngati nkhuku."

"Kwa ine linatuluka."

Adamufotokozera mmene adaupangira: adaupaka dongo lakuda thupi lonse, n'kumakanda ndi kachitsulo kosongoka mzere umodziumodzi, podziwa kuti dzanja likaterereka palibe kufufuta. Mitsuko ina imene adayamba kuumba idasweka m'ng'anjo. Ankalankhula msangamsanga ngati munthu woopa kufika pa mawu amene adakonzekera, koma pomaliza adafikapo.

"Anzanga amapereka foni kapena mpango. Ine ndilibe choposa manja angawa. Hanifa, chikole changa ndi ichi."

Chikoletu si mphatso wamba. Mtsikana akachilandira ndiye kuti wavomera, ndipo akachibweza, ngakhale osatsegula pakamwa, ndiye kuti chibwenzi chatha. Hanifa adapinda maondo pang'ono n'kulandira ndi manja awiri. Mtima wake udadzaza chimwemwe mpaka adachita manyazi kumuyang'ana, ndiye adathawira ku funso.

"Nanga chivundikirochi n'chachiyani?"

"Kale akazi a ku America ankasungamo paudala ndi maswiti. Iwe udzabisamo shuga alendo akachuluka. Koma uchitembenuze ukakhala wekha."

Atafika ku Phoenix adapeza azakhali asadabwere. Adaika mtsukowo patebulo n'kutembenuza chivundikiro. Kunsi kwake kudalembedwa dzina lake mokanda, HANIFA, ndipo pansi pa dzinalo padali manambala a chaka chino. Adawasisita ndi chala malembawo kwa nthawi yaitali, akumwetulira yekha ngati wopenga.

* * *

A Safina adafika dzuwa litapendeka, kumbuyo kwawo kukubwera Shamsudin atanyamula thumba la mpunga. Shamsudin ankayendetsa thiraki kudoko, adali ndi kagalimoto kakekake, ndipo kwawo kudali kumudzi kwa malemu amuna awo a Safina. Mumtima mwawo azakhaliwo adali atamupatsa kale Hanifa. Shamsudin adali munthu wosalowa m'nyumba chimanjamanja, komanso wosatulukamo asadasiye mawu oluma.

A Safina atangoponda pakhomo adaima njii, maso ali patebulo.

"Astaghfirullah! Iwe Hanifa, ndani wabweretsa chimenechi m'nyumba mwanga?"

"Ndi chikole, azakhali. Andipatsa a Maulidi. Taonani, palibe chithunzi cha nyama kapena munthu."

"Chikole? Mwana iwe, ukudziwa chimene amasungamo m'mitsuko yotereyi?"

Adakhala pampando wa kutali ndi tebulo n'kuyamba kufotokoza. Iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba kwa dona wina wamasiye ku Durban North. Amuna a donayo atamwalira sadawaike m'manda, adawatentha, ndipo phulusa lawo lidali mumtsuko pashelefu ya pabalaza. Udali wotalika chimodzimodzi, wamapewa chimodzimodzi, wachivundikiro chimodzimodzi.

"M'mawa uliwonse amandiuza kuti, Safina, pukuta abwana. Ndimapukuta ndi nsalu yopinda kanayi, ndikunena Bismillah, osaukhudza ndi khungu langa. Ndiye lero ndibwere kunyumba kwanga ndidzapeze womwewo patebulo lodyera?"

"Eish, mama, ine ndinkaopa kunena," adalowererapo Shamsudin akutula mpunga uja. "Ndimaiona pawindo la ogulitsa mabokosi a maliro m'tauni. Mwina mnyamatayo anangotola yotsala kuntchito kwawo. Paja mwamuna wogwira ntchito ya amayi nzeru zake zimakhalanso zina."

"A Shamsudin, anaumba okha, ndipo anaumbira ine," adatero Hanifa mofatsa. "Simukuona kukongola kwake?"

"Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere," adadula a Safina. "Wa abwana uja ndi wokongolanso. Tsiku lina adona ananditsegulira kuti ndione. Kunsi kwa chivundikiro analembako dzina la malemuwo, pansi pake chaka chimene anamwalira. Sindinadye tsiku limenelo."

Hanifa adakumbukira dzina lake ndi chaka zimene zidali kunsi kwa chivundikiro chake. Pomwepo Shamsudin adatambasula dzanja.

"Tione ngati muli kale munthu m'menemu."

Sadaukhudze. Hanifa adaulanda mtsukowo ngati mphamba, dzanja lina litapanikiza chivundikiro, n'kulowa nawo kuchipinda. Shamsudin adatsala dzanja lili m'malere, koma maso ake adatsatira dzanja lopanikiza lija mpaka chitseko chidatsekeka.

"Ubweze!" adafuula a Safina. "Lamlungu la nkhoswe lisanafike ndisauonenso."

* * *

Madzulo omwewo Hanifa adalemba uthenga pafoni: "A Maulidi, kodi mitsuko ngati wangawu anthu amaikamo phulusa la akufa?"

Foni idaonetsa kuti Maulidi akulemba, n'kusiya, n'kuyambanso. Pomaliza kudangobwera mawu awiri: "Tikumane mawa."

Adakumana pakhonde lawo lija la mvula. Anthu ankadutsa kupita kunyanja atanyamula ana ndi mipando, ndiye awiriwo ankalankhula motsitsa, munthu akayandikira n'kuponyamo "yebo" ndi "sharp" mpaka adutse.

"Sindikunamiza," adatero Maulidi. "Alipo amene amagula mtundu umenewu chifukwa cha phulusa. Amabwera atavala zakuda, amalankhula ndi Mayi Gomez, ine ndili kumbuyo ndi dongo. Koma m'mabuku a mayiwo, mmene ndinauona koyamba, ndi mtsuko wa patebulo la mkazi wodzikongoletsa. Ine ndinkangoona mapewa ake kuti dzuwa likhalapo bwino. Ndinasamala za agwape, za phulusa sizinandifike n'komwe m'mutu."

"Nanga chaka chija munachilemberanji?"

"Woumba aliyense amalemba chaka chimene waumba. Mayi Gomez salola chinthu kulowa m'ng'anjo chopanda chaka. Ngakhale amayi anga ku Ntaja ankadinda chala chachikulu kunsi kwa mbiya iliyonse kuti idziwike mwini wake. Ndinkafuna kuti tikadzakalamba, adzukulu adzatembenuze n'kuona chaka chimene unandilola."

Hanifa adamuyang'ana. Munthu wa manja anzeru chonchi, koma wosaona dzenje limene lili pamphuno pake! Mkwiyo umene adabwera nawo udasungunuka, padatsala chisoni ndi chikondi.

"Undipatse ndikaumbe wina," adapitiriza Maulidi. "Wopanda chivundikiro, wopanda dzina."

"Chikole sasintha ngati malaya a m'sitolo. Ndikangotuluka nawo m'nyumba kubwera nawo kwa inu, a Shamsudin alengeza Phoenix yonse kuti ndabweza, ndipo dzuwa lisanalowe nkhani ifika ku Namwera."

Kutsidya kwa msewu, pawindo la nyumba ina yosanja, padali botolo lokhala ndi maluwa. Hanifa adaliyang'ana kwa kanthawi.

"Wakufa amamuvundikira," adatero pang'onopang'ono. "Koma mtsuko wosavundikira, wokhala ndi madzi ndi maluwa, ndi mtsuko basi."

Nkhope ya Maulidi idawala. "Mutu umodzi susenza denga! Ndiye chivundikirocho undipatse ndikachisunge ine."

"Ayi."

"Hanifa, azakhali akachiona..."

"Sachiona. Mtsukowo mwajambulapo nyumba ya eni ndi dzuwa la aliyense. Changachanga ndi chivundikirocho. Palibe munthu analembapo dzina langa pa chinthu chosafufutika, ndiye mukufuna ndichotse m'manja mwanga?"

Maulidi adafuna kutsutsa, koma mnyamata wanji angakane mawu otere? Adangoseka n'kugwedeza mutu.

* * *

Lolemba a Safina pochokera kuntchito adapeza mtsuko uja uli pawindo, kukamwa kuli poyera, mutadzaza maluwa ofiirira othyola pampanda wa mwenye.

"Ndinati chiyani ine?"

"Azakhali, tasuzumiranimo. Muli madzi a pampopi ndi maluwa. Kodi abwana anu aja amawathirira madzi?"

"Usandiseke, iwe. Chivundikiro chili kuti?"

"Ndataya," adatero Hanifa, maso ali pansi. "Chapita ndi galimoto ya zinyalala."

Lidali bodza lake loyamba kwa azakhali ake chibwerereni ku Durban, ndipo lidamuwawa pakamwa. Chivundikirocho chidali pansi pa sutikesi yake, chitakulungidwa mumpango wake woyera wopempherera.

A Safina sadanenenso za kubweza. Tsiku loyamba ankadutsa pawindopo atatembenuzira nkhope kukhoma. Lotsatira adadandaula kuti maluwa akugwetsa zinyalala. Pofika pakati pa sabata Hanifa adawapezerera m'mawa akusintha madzi mumtsukomo ndi manja awoawo, opanda nsalu yopinda kanayi.

"Madzi akale amaitana udzudzu," adatero a Safina mwaukali, ngati wina wawafunsa. Kenako adaloza ndi chala. "Masitepewa akupita kuti?"

Hanifa adawauza za tsiku la mvula. Azakhaliwo adamvetsera akuyendetsa chala pa cheza cha dzuwa lija.

"Manja ali nawo," adavomera. "Ngakhale ndi manja a amayi ake."

Adakhala pansi, ndipo kwa nthawi yoyamba adalankhula za amuna awo. Adamwalirira kuno ku Durban, chaka chimene Hanifa adali asadabwere. Adona aja, pofuna kuthandiza, adati n'kosavuta kuwatentha n'kutumiza phulusa kumudzi m'kabokosi. A Safina adayenda khomo ndi khomo kwa Amalawi a ku Phoenix ndi ku Mobeni mpaka thupi lidakwera galimoto kupita kwawo, likadali lathunthu.

"Dziko lino limatentha anthu, Hanifa. Amayi ako anandipatsa iwe uli wamoyo, ndipo ndikufuna ndidzakubweze ukuyenda ndi miyendo yako. N'chifukwa chake ndinakalipa. Koma poti wandimvera n'kutaya chija, Lamlungu abwere. Ndikawauza a ku Namwera kuti mnyamatayo ndi munthu."

Hanifa adawakumbatira. Adasangalala, inde, koma mawu akuti "wandimvera" adamukhala pamtima ngati mwala. Adaganiza zokapereka chivundikiro chija kwa Maulidi mawa lake. Mawa litafika adachitulutsa, adawerenga dzina lake, n'kuchibwezera mumpango. Paja amati zengerezu adalinda kwawukwawu.

* * *

Lamlungu lidacha bwino. Hanifa adakolopa, adathyola maluwa atsopano, adaphika mpunga ndi nkhuku. Uthenga wa Maulidi udalowa: "Takwera takisi ndi a Yaseen, nkhoswe yanga. Ndavala jekete yobwereka, usaseke."

A Jabir adafika msanga, ndipo amene adawatenga ku Mobeni pagalimoto adali Shamsudin. Palibe adamuitana, koma munthu amene wanyamula malume sungamubweze pakhomo. Adakhala pampando, adalandira tiyi, maso ake n'kupita pawindo.

"Mwauvula chipewa, mama?"

"Chinatayidwa," adayankha a Safina. "Nkhani imeneyo inatha."

"Sharp, ngati chinatayidwa. Ine ndimangokumbukira mmene achemwali anachipanikizira tsiku lija. Munthu sapanikiza chonchija chinthu choti mawa akataye kuzinyalala." Adapsontha tiyi. "Koma mwina ndi maso anga."

Hanifa adali kumbuyo kwa nyumba akutsuka matambula, ndipo adamva zonse kudzera pawindo. Adamva mpando wa azakhali ukukhulika, chitseko cha kuchipinda chikutseguka, kenako zipi ya sutikesi. Adasiya matambula aja n'kuthamangira m'nyumba. Mmene ankalowa, a Safina adali ataima pakati pa nyumba, mpango woyera uli m'dzanja limodzi, chivundikiro chili m'dzanja linalo, chitatembenuzidwa.

Sadakuwe. Akadakuwa bwenzi zili bwino.

"Alamu," adatero kwa a Jabir ndi mawu otsika, "tawerengani apa."

A Jabir adavala magalasi. "Hanifa," adawerenga. "Ndi chaka chino."

"Dzina ndi chaka. Ngati wa abwana uja, osasiyana kanthu."

"Azakhali, ndi chizolowezi cha oumba," adatero Hanifa. "Amalemba chaka chimene aumba. Ndi chaka chimene ndinawalola, si china ayi."

"Mwina n'zoona, mlamu," adayesa a Jabir akukanda chibwano. "Bwanji tidikire mnyamatayo afotokoze yekha?"

"Afotokoze chiyani? Kaya anadziwa kaya sanadziwe, wamuumbira mwana wa eni mtsuko wa maliro, dzina n'kulembapo. Ine ndikawauze chiyani amayi ake chinthu chikamuchitikira chaka chisanathe?" Adatembenukira kwa Hanifa, misozi ili m'maso. "Ndipo iwe. Ndinakuuza za malemu amuna anga, zimene sindinauzepo munthu, iwe uli phee, chinthu chili mumpango wopempherera. Wandigwiritsa ndi manja anga sabata yonse."

Hanifa adadziwa kuti zidali zoona. Adagwada.

"Ndinalakwa kunama, azakhali. Ndikhululukireni. Ndinalephera kuchitaya."

A Safina adatenga chitenje, adakutira nacho manja, adazula maluwa aja n'kukhuthulira madzi panja. Adavundikira mtsukowo, adaukulunga m'chitenjemo n'kuuika m'manja mwa Hanifa.

"Akafika, uwabwezere wekha pamaso pa malume ako, nkhani ithere pomwepo, ukhale mwana wanga monga kale. Ukakana, chinthu chimenechi sichigonanso m'nyumba muno, ndipo mwini dzina lili pamenepo apite nacho."

"Mlamu, tadekhani," adatero a Jabir, koma adanena moyang'ana pansi. Shamsudin ankaunguza m'kapu yake ngati mwagwera ntchentche.

Kugeti kudamveka kugogoda, ndi mawu a munthu wamkulu: "Assalamu alaikum, eni nyumba!"

Hanifa adadzuka. Adayang'ana azakhali ake, mayi amene adamulipirira ulendo, kumuphunzitsa kukwera takisi za m'tauni muno ndi kumufunditsa bulangete lawo m'nyengo yozizira. Ankawakonda, ndipo ankadziwa kuti mkwiyo wawo ndi mantha. Adaweramitsa mutu n'kutuluka, mtolo uli pachifuwa, akuponda maluwa onyowa amene adali pakhomo.

Kanjira kochokera kuseri kukafika kugeti n'kakafupi, koma tsiku limenelo kadatalika. Maulidi adali ataima m'jekete yake yobwereka, manja ake aatali atatulukira kunja, akumwetulira. Ataona chitenje chija ndi mapewa a chimene chidali m'katimo, kumwetulirako kudazima. A Yaseen, nkhoswe ija, adapumira m'mwamba n'kuyang'ana kumbali, poti mwambo ankaudziwa.

Maulidi adatambasula manja onse awiri kuti alandire.

"Bwezani manja anuwo, a Maulidi," adatero Hanifa m'Chichewa chomveka, osasamala kuti pamsewu pakudutsa anthu. "Sindikubweza. Chikole ndi changa."

"Nanga ukupita nacho kuti?"

Hanifa adacheuka. Pakhonde la kanyumba kaja padali pataikidwa kale sutikesi yake, mpango woyera uli pamwamba, ndipo chitseko chinkatsekeka pang'onopang'ono. Adaukumbatira mtsukowo mwamphamvu.

"Munalemba dzina langa ndi chaka chino pa chinthu chosafufutika," adatero. "Ndiye funso limenelo muyankhe ndinu."